MPANDO WA PAFUPI NDI KHOMO

Makolo athu sankadzisankhira pokhala. Mlendo akafika pakhomo pa eni ake ankaima chapatali ndi kuodira, ndipo ankadikira kufikira mwini nyumba atamtulutsira mpando, kapena mai wa pakhomopo atamuyalira mphasa. Pabwalo la milandu aliyense ankadziŵa malo ake popanda womuuza: mfumu ndi nduna zake pamipando, madoda pazitsa ndi pamiyala, amai pamphasa chauko. Mwana wothamangira mpando akulu ali chiimire ankatchedwa wosalangizidwa, ndipo manyazi ake ankagwera amene adamlera. Tidakula tikudziŵa kuti mpando amachita kukupatsa.

Tsono masiku ano pali ulendo wina umene munthu asananyamuke amayamba wafunsidwa kuti, "Kodi mufuna kukhala pati?" Umenewu ndi ulendo wa pa ndege. Funsoli limaoneka laling'ono, koma pali anthu amene yankho lake limawafikitsa kapena kuwalepheretsa kumene akupita.

Mwina wina mwa inu aŵerengi afunsa kuti za ndege zitikhudza bwanji ife a ku Milepa, amene ambiri mwa ife ndege timangoiona ili kadontho kumwamba tikupalira nandolo. Zimatikhudza ndithu, ndipo sizidayambe lero. Azigogo athu ambiri adakwera ndege asanakwerepo galimoto yaing'ono, pamene a Wenela ankawanyamula kupita nawo ku migodi ya ku Joni kudzera ku Francistown m'dziko la Botswana. Akuluakulu akumbukirabe tsiku la 4 Epulo 1974, pamene imodzi mwa ndegezo idagwa ku Francistown komweko ndi kupha anthu oposa 70, ochuluka a iwo Amalaŵi obwerera kumudzi. Lero lino ndi midzi yoŵerengeka m'boma la Chiradzulu imene ilibe mwana ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Tili ndi odwala amene amatumizidwa ku zipatala za ku India, ansembe ndi asisteri opita kukaphunzira ku Roma, ndiponso akhristu amene adapita kukapemphera ku manda a Petro Woyera m'Chaka Choyera cha 2025.

Kuyambira 1974 mpaka 1979 ndege ya Air Malawi ya mtundu wa VC10 inkanyamuka pa Chileka ndi kukatula anthu ku London, osasintha ndege panjira. Zimenezo zidatha. Lero aliyense wochoka m'Malaŵi kupita ku Ulaya, ku India kapena ku America ayenera kutsika penapake, makamaka ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndi kukwera ndege ina. Pakati pa kutsika ndi kukwerako nthaŵi zina pamakhala maola ambiri otopetsa, koma nthaŵi zina pamangokhala ola limodzi, mwinanso losakwana. Apa ndi pamene nkhani ya mpando imakula.

Kunena zoona, nzeru yake tidaiphunzira kale pa mabasi a UTM. Munthu wochoka ku Milepa pofuna kukapeza sitima ya pamtunda ku Limbe sankalola kukhala kumbuyo kwa basi. Ankafuna mpando wa pafupi ndi khomo, ndipo phukusi lake ankalifungata pamiyendo, kukana kuti likwezedwe padenga, pakuti ankadziŵa kuti podikira kondakitala kuti amasule zingwe sitima idzakhala italiza kale mluzu. Ndege yangosintha liŵiro ndi mtengo wa ulendo. Mtima wa munthu woopa kusiyidwa ndi womwe uja.

Tiyerekeze mwana wa kwathu kuno amene amagwira ntchito ku Cape Town. Usiku walandira lamya yakuti amai ake atsogola. Pa basi, kudzera ku Beitbridge, ku Tete ndi ku Mwanza, ndi ulendo wa masiku, ndipo kwathu kuno maliro sagona masiku ambiri. Anzake a ku mpingo ndi a kuntchito asonkha ndalama, amgulira tikiti ya ndege. Kuchoka ku Cape Town kufika ku Johannesburg ndi maola aŵiri, ndipo kuchoka ku Johannesburg kufika pa Chileka ndi maola aŵiri enanso ndi mphindi zoŵerengeka. Koma ndege zobwera ku Blantyre sizichuluka ngati minibasi za ku Limbe. Akaiphonya ya tsiku limenelo, angathe kudikira mpaka maŵa, nadzapeza anthu atabwerako kale kumanda. Pa bwalo la O. R. Tambo ayenera kuchoka mbali ya ndege za m'dziko momwemo, kuyenda mtunda ndithu kupita mbali ya ndege zotuluka kunja, kuima pamzere wofufuza katundu, kuimanso pamzere wodinditsa pasipoti, kenaka kufunafuna chipata chake. Chipatacho chimatsekedwa nthaŵi yolembedwa pa tikiti isanakwane, pakuti nthaŵi ya pa tikiti ndi yonyamukira ndege. Ngati ndege yoyamba ija yachedwako pang'ono, mphindi khumi zokha zikhoza kugamula ngati mwanayu adzaone nkhope ya amai ake komaliza.

Munthu wotere ayenera kudziŵa kakhalidwe ka m'ndege. M'ndege monga ya Boeing 737, imene imayenda kwambiri m'maiko athu ano, mzere uliwonse uli ndi mipando 6, itatu mbali iyi, itatu mbali inayo, yolembedwa zilembo kuyambira A mpaka F. Mipando A ndi F ili kuzenera, C ndi D ili m'mphepete mwa kanjira ka pakati. Kanjirako n'kamodzi, kopapatiza kosadutsana anthu aŵiri, ndipo anthu oposa 150 amatulukira momwemo mmodzimmodzi, aliyense akuyamba waima kuti atsitse chikwama chake. Kaŵirikaŵiri khomo lotulukira limakhala kutsogolo, mbali ya kumanzere. Motero wokhala pa C kapena pa D m'mizere yoyambirira amatuluka msanga, pamene wa kuzenera mumzere wa 30 amadikira kuti onse a patsogolo pake athe. Wofulumira achita bwino kusiya zenera, ngakhale kuti ndi pazenera pamene munthu amaonera phiri la Mulanje ndi mtsinje wa Shire. Kachikwama kake aike pansi pa mpando wa patsogolo pake, pakuti akakaika m'kabati ya pamwamba imene ili kumbuyo kwake, adzalimbana ndi anthu onse otuluka kuti akatenge.

Palinso zina zoposa mpando. Ulendo wonse ukakhala pa tikiti imodzi, katundu wamkulu kaŵirikaŵiri amasamutsidwa ndi eni ndege, ndipo ndege yoyamba ikachedwa ndi udindo wawo kumpezera munthuyo malo m'ndege yotsatira. Koma wogula matikiti aŵiri osiyana, chifukwa aoneka otsika mtengo, ayenera kudikira katundu wake, kukamperekanso kachiŵiri, ndipo akachedwa tikiti yachiŵiri ija yapita. Pamenepo mpomwe akulu adati mapanga aŵiri avumbwitsa. Wodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa akumbukirenso kuti nthaŵi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi, pamene ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi yathu. Woiŵala kukonza wotchi yake angathe kukhala phee akumwa tiyi, dzina lake likuitanidwa kuchipata.

Tsono mkhristu wa chikumbumtima chofeŵa angadabwe. Kodi Ambuye Yesu, m'mutu 14 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka Woyera, sadadzudzule oitanidwa kuphwando amene ankasankha malo a patsogolo? Indedi adawadzudzula, nawalangiza kuyamba akhala kumapeto kufikira mwini phwando atawakweza. Koma chimene Ambuye adaona mwa anthu aja ndi njala ya ulemu. Mwana wothamangira maliro a amai ake safuna ulemu kwa munthu aliyense, afuna khomo. Ambuye omwewo, m'mutu 25 wa Mateyu, adayamikira anamwali asanu amene adaganiziratu za mafuta a nyale zawo, ndipo adanena za chitseko chimene chidatsekedwa ena asanafike. Mpingo umatiphunzitsa kuti mwa makhalidwe anai amene ena onse amatsamirapo, loyamba ndi nzeru zoona patali. Kukonzekera ulendo, kufunsa odziŵa ndi kusankha mpando woyenera si kudzikuza ai. Woyenda mosasamala, nati Mulungu adziŵa yekha, akuyesa Mulungu.

Komabe tisaike mtima wonse pampando, pakuti nzeru zathu zili ndi malire. Ndege ya mtundu wa ATR 42, imene Air Malawi idali nayo, anthu amakwerera ndi kutsikira kumbuyo, kotero kuti wothamangira mzere woyamba amakhala wotsiriza kutuluka. Pa mabwalo ena amaika makwerero kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo otsalira amakhala a pakati. Ku bwalo la Bole ku Addis Ababa ndege zambiri zimaima patali ndi nyumba ya apaulendo, anthu nkutengedwa pa basi. Wotsika moyamba m'ndege amaloŵa m'basi moyamba, nakankhidwira m'kati ndi obwera pambuyo pake. Basiyo sinyamuka isanadzaze, ndipo ikafika, woyamba kutsika ndi uja adaloŵa pomaliza naima pakhomo. Amene adaonapo zimenezi amamwetulira akamva m'tchalitchi za oyamba osanduka otsiriza. Nanga mvula ya mabingu ya mwezi wa Januwale, imene imachititsa ndege kuzungulira kumwamba osatera, ingaletsedwe ndi mpando wa nambala yanji?

Pali chinthu china chimene chiyenera kutivuta mumtima. Mipando ya patsogolo ija sigwera anthu amene aisoŵa koposa. Makampani ambiri amalipiritsa ndalama yapadera posankha mpando, ndipo kusankhako kumachitika pa intaneti tsiku la ulendo lisanafike. Wodziŵa kuŵerenga Chingerezi, wokhala ndi foni yamakono ndi ndalama ya ku banki, amatenga malo abwino ali kunyumba kwake. Gogo wa ku Milepa amene mwana wake wamuitana kuti akaone chidzukulu amafika pa Chileka ndi pepala lake m'manja, napatsidwa mpando wotsala, wa pakati, kumbuyo kwenikweni. Wodwala woyenda pa njinga ya olumala amakwezedwa m'ndege anthu ena onse asanakwere, koma potsika amadikira kufikira onse atatuluka, ngakhale ndege yake ya ku India ili pafupi kunyamuka. Amene miyendo yake ili yofooka ndiye amene amayambira kumbuyo pa liŵiroli.

Ndipo taonani zimene zimachitika ndege ikangoima. Kabelu ka malamba kakangolira, pafupifupi onse amadzambatuka nthaŵi imodzi, nadzaza kanjira kaja, mitu itaŵerama pansi pa makabati. Ambiri mwa iwo alibe ndege ina yoti akwere. Afika kwawo, ndipo akatuluka akaimanso mphindi zambiri kudikira masutikesi awo. Nthaŵi zina antchito a m'ndege amapempha kuti amene sali pa changu ayambe akhala pansi, kuti a ndege zina adutse. Amene amamvera pempholi ndi oŵerengeka. Palibe amene amafuna kuchimwira mnzake. Aliyense amangoti mphindi imodzi yanga siipitsa kanthu. Koma mphindi imodzi ya munthu aliyense, mwa anthu makumi aŵiri, ndiyo mphindi makumi aŵiri za mwana wa maliro uja. Changu chopanda chifukwa chimabera changu chokhala ndi chifukwa, ndipo wakubayo amapita kwawo osadziŵa kuti waba.

Mpingo ukatchula nzeru zoona patali, khalidwe limene umatchula motsatira ndi chilungamo, ndiko kupatsa munthu aliyense zomuyenera. Aŵiriŵa sayenera kulekana. Nzeru zimatiuza kuti tikakhala pa changu tisankhe mpando wa pafupi ndi khomo. Chilungamo chimatiuza kuti tikakhala kuti sitili pa changu, njira ya kukhomo si yathu, ngakhale mpandowo tidaulipira. Eni ndege nawonso amadziŵa kuti khomo lili ndi udindo. Wokhala pamzere wa khomo lothaŵira pangozi amafunsidwa ngati ali ndi mphamvu ndi mtima wotsekulira ena zinthu zikavuta, ndipo akakana amamsamutsa. Ana ndi ofooka saloledwa kukhala pamenepo. Malo otambasula miyendo amene ali pamzerewo ndi malipiro a ntchito yotumikira anthu onse a m'ndegemo.

Ife a kumudzi sitifunikira kuphunzitsidwa zimenezi ndi alendo, pakuti mwambo wathu udazidziŵa kale. Pamjigo, amai otungira madzi kusiŵa sakhala pamzere, ndowa zawo zimatsogola popanda wodandaula. Kuchigayo, chimanga cha pamaliro chimagayidwa moyamba, ngakhale ena adalaŵira mbandakucha. Wa njinga akakumana ndi maliro pamseu amatsika, wa galimoto amachepetsa liŵiro, ndipo wa chipeŵa amavula. Pachipatala, wobwera ndi mwana wokomoka amamtsegulira njira anthu amene akhala pabenchi chiyambire m'maŵa. Palibe lamulo la boma limene lidalemba zimenezi. Tidangodziŵa kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Chodabwitsa n'chakuti tikavala jekete ndi kukwera ndege, mwambo umenewu timausiya pansi pa makwerero, ngati kuti ulemu wa kumudzi ndi katundu woletsedwa m'ndege.

M'nyumba ya Mulungu namonso nkhaniyi ilimo. M'matchalitchi athu ambiri mabenchi a patsogolo amakhala opanda anthu, pamene a pafupi ndi khomo amadzaza Misa isanayambe. Ena ali ndi zifukwa zomveka: namwino woloŵa ntchito masana, mai wa khanda lolira, mwana amene wasiya kholo lodwala lokha m'nyumba. Koma enafe timakhala kukhomo kuti tikangolandira Ukaristia titulukire pomwepo, dalitso lotsiriza lisanaperekedwe, ndi cholinga chongokafika msanga kumsika. Potero mai wa khanda uja amasoŵa malo kukhomo, nadutsa tchalitchi chonse mwana akulira, maso a anthu onse ali pa iye. M'ndege timalimbirana kutsogolo, m'tchalitchi timalimbirana kumbuyo, koma chimene timafuna ndi chimodzi, ndicho kutuluka ena asanatuluke.

Wofulumirayo nayenso ali ndi mbali yake. Anthu a m'ndege sangalote zimene zili mumtima mwake. Amalaŵi tili ndi manyazi ambiri, ndipo munthu angathe kukhala chete mumzere wa 30, misozi ili m'maso, kuopa kuvutitsa anthu. Safunsa adadya phula. Auze antchito a m'ndege ndege isanayambe kutsika, awaonetse tikiti ya ndege yachiŵiri. Nthaŵi zina pamakhala mpando wopanda munthu kutsogolo, ndipo amatha kumsamutsirako. Kwa oyandikana nawo anene mwaulemu kuti, "Pepani bambo, pepani mai, ndili ndi ndege ina imene yatsala pang'ono kunyamuka, ndikuthamangira maliro." Anthu ambiri, a mtundu uliwonse, akamva mawu otere amapatuka. Chimene chimaumitsa anthu mitima ndi chigongono cha munthu wokankha osalankhula. Ndipo amene wapatsidwa njira asaiŵale kunena zikomo, pakuti wapatsidwa mphatso.

Nanga amene wachita zonsezi, nasankha mpando wabwino, nathamanga mpaka kutha mpweya, koma n'kupeza chipata chatsekedwa? Alipo otere, ndipo ena amasenza mlandu umenewu mumtima zaka zambiri, kumati ndikadagula tikiti ina, ndikadakhala patsogolo. Achibale nawonso nthaŵi zina amathira mchere pabala, kunong'onezana kuti mwana uja sadaike amai ake. Akumbukire otereŵa zimene Yohane Woyera adalemba m'mutu 11. Ambuye Yesu eni ake adafika ku Betaniya bwenzi lawo Lazaro atagona kale m'manda masiku anai. Marita adawadandaulira za kuchedwako, Maria nayenso chimodzimodzi, ndipo Ambuye adalira. Kufika mochedwa sikudachepetse chikondi chawo, ndipo manda otsekedwa sadawalepheretse kanthu. Wofika maliro ataikidwa apite kumanda ndi abale ake, akagwade, akapemphere, apereke Misa ya mzimu wa malemuyo. Kwa Mulungu pemphero limenelo silidachedwe.

Tsono inu amene muli ndi ana kapena abale oyenda maulendo otere, auzeni zimene taŵerengazi: tikiti imodzi, nthaŵi yokwanira pakati pa ndege ziŵiri ngati kungatheke, mpando wa m'mphepete mwa kanjira chakutsogolo, katundu wochepa, ndi pakamwa posachita manyazi kupempha. Gogo wopita ulendo woyamba musamlole kupita ku Chileka osamsankhira mpando, inu amene mudziŵa za intaneti. Ndipo ife tonse, tsiku limene tidzakhale m'ndege, m'basi kapena pamzere uliwonse popanda chotithamangitsa, tiyambe tacheuka ndi kuona nkhope za amene ali kumbuyo kwathu. Mwina pakati pawo pali wina amene akuŵerenga mphindi ndi mtima wosweka. Kukhala pansi mphindi zitatu kuti iye adutse ndi ntchito yachifundo yosalira ndalama, ndipo Atate amene amaona zobisika adzaiŵerengera.